Msomali wa Abambo

Amayi sanandiuze okha. Ndinamvera kwa Felicitas, mayi wogulitsa nthochi pamsika wa Hauna, amene amachita lendi chipinda choyandikana ndi chawo. Anandiimbira foni Lachitatu masana, ine ndili pantchito kufakitale ya tiyi ku Chipinge, nandifunsa ngati ndikudziwa kuti amayi anga akulipirira anthu awiri. Ndinati awiri ake ati, poti abambo tinawaika m'manda chaka chatha mu Okutobala? Felicitas anati eya, wachiwiriyo ndi omwewo.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindikana. Loweruka kusanache bwino ndinali kale m'basi ya ku Mutare, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuyankhule mwininyumbayo.

Abambo anga, a Abrahamu Jaisoni, anathyola tiyi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi pa esiteti ina m'chigwa cha Honde. Tsiku limene anapuma pantchito anapatsidwa bulangete ndi kalata yonena kuti nyumba ya m'komboni ikufunika pakutha pa mwezi. Umu ndi mmene iwo ndi amayi anapezekera ku Hauna, kuseri kwa nyumba ya a Malachi, kumene kuli mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi zochititsa lendi. Anatenga chachinayi. Abambo anakhalamo zaka ziwiri, ndipo anamwaliramo masana dzuwa lili paliwombo, atakhala pampando, nsapato imodzi atavula.

A Malachi anali kalipentala asanakalambe, ndipo zolembalemba sankazikhulupirira. Pakhoma la bafa anakhomapo thabwa lalitali, pathabwapo misomali, munthu aliyense wogona pamalopo msomali wake wokolekapo thawulo. Lendi inali payokha. Pamwamba pake, msomali uliwonse unkalipira madola atatu pamwezi, akuti a madzi, chimbudzi ndi zinyalala, ngakhale madziwo ankabwera okha ndi paipi kuchokera m'phiri ndipo zinyalalazo alendi ankawotcha okha. Mwana akangoyamba kuyenda, msomali. Mlendo akagona katatu, msomali. Alendi ankanena monong'ona kuti pakhomo pamenepo ukayetsemula kawiri akukhomera wina.

Ndinatsika kombi cha m'ma thu koloko, ndipo ndisanapite kukawaona amayi ndinayamba ndazungulira kubafa. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinawerenga misomali kuyambira kumanzere mpaka ndinafika pa wa amayi, umene unali ndi chitenje chawo chosambira. Pafupi nawo panali wa abambo. Panapachikika chijasi chawo cha pulasitiki chobiriwira, chimene ankavala pothyola tiyi kukagwa mvula, chija ankachitcha kapa. Ndinachigwira. Mwezi unali wa Seputembala, mvula inali isanagwe kwa milungu itatu, koma m'munsi mwa kapayo munali monyowa, ndipo ankanunkhira masamba aawisi ngati mmene abambo ankanunkhirira akaweruka. Ndinadziuza kuti ndi madzi a anthu osamba. Komabe dzanja ndinalipukuta pa siketi kawiri.

Amayi ndinawapeza akusankha mapeyala oti akagulitse kumsewu. Anali ataonda. Anandipangira tiyi wopanda shuga, nati shuga masiku ano akuwawawitsa mano, bodza limene ngakhale mwana wa sitandade wani sangalimeze. Nditawafunsa za msomali, anayamba apukuta peyala limodzi mpaka linanyezimira.

Kenaka anandifotokozera. Patatha mlungu umodzi chiikireni maliro, a Malachi anabwera ndi hamala kudzazula msomaliwo. Asanazule anafunsa kuti achibale a malemu adzabwera liti kudzatenga mzimu wawo kupita nawo kwawo, pakuti munthu wafera m'nyumba ya eni sasiyidwa momwemo. Amayi anawayankha kuti kwawoko kulibe. Abambo anathawa nkhondo ku Angonia ali mnyamata, mudzi wawo unatenthedwa, ndipo dalaivala wa thiraki amene tinamutuma kuti akafunsefunse anabwerako n'kunena kuti kwangotsala mitengo ya mango. Chitupa chawo cha kuno chinalembedwa kuti mlendo mpaka tsiku lomwalira. A Malachi atamva zimenezi akuti anatsitsa hamala nati ngati ndi choncho, a Jaisoni akadali roja wawo, munthu wa lendi pakhomo pawo, ndipo roja amalipira.

Ndinafunsa kuti nanga inu munati chiyani. Amayi anati anathokoza.

Apa m'pamene ndinaphulika. Ndinati munthu akukuberani masanasana inu n'kumawomba m'manja? Ndinati abambo ali kumanda, ndinaponyako dothi ndi dzanja langali. Amayi anati kumanda kuja kuli mafupa, ndipo anthu amene anagona nawo kumeneko abambo sakuwadziwa. Anati tsiku lililonse ikamakwana thwelofu, nthawi imene othyola tiyi amapita kusikelo, amamva kapa akuchita phokoso kubafa, kenaka chivindikiro cha ndowa pakhomo, kenaka mpando uja. Ananena zimenezi mmene munthu amanenera kuti basi ya ku Mutare imanyamuka nthawi yakuti.

"Hana, msomali uja usaukhudze," anatero. "Abambo ako alibe kwina."

Ndinawamva, koma sindinamvere. Chimene ndinaona ine ndi nkhalamba yodwala chisoni ndi nkhalamba ina yodyera pa chisonicho. Abambo anadyeredwa masuku pamutu moyo wawo wonse, kusikelo, kugolosale ya kampani, kuofesi ya zitupa, ndipo sanakwezepo mawu. Ankangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine mawu amenewo ndinkadana nawo kuyambira ndili mwana. Ndinalumbira kuti ali moyo anawabera, koma atafa sawaberanso.

Lamulungu m'mawa ndinasankha dala nthawi imene alendi onse amakhala pampopi kuchapa. A Malachi anali pakhonde pawo akunola mpeni, bambo wamtali, wouma, wa pensulo kukhutu ngakhale anasiya ukalipentala kalekale. Ndinawapatsa moni bwinobwino powatchulira dzina la mwana wawo, Baba Chengetai mwadzuka bwanji, pakuti amayi anandilera. Ulemu wanga unathera pomwepo.

Ndinawafunsa mokweza ngati munthu wakufa amasamba. Ndinafunsa kuti chimbudzi amapitako kangati patsiku, ndi zinyalala zake amataya zotani. Amayi ochapa anayamba kuseka, poyamba mobisa m'mabeseni, kenaka poyera, chifukwa aliyense wa iwo anali ndi msomali umene unkamuwawa. Kusekako kunandikoma. Ndinatchula apolisi, ndinatchula bungwe loona za lendi ku Mutare, ndinati nkhaniyi ndiiponya pa foni dziko lonse lidziwe kuti ku Hauna kuli bambo wolipiritsa mitembo. Chimanyika changa, chiyankhulo cha eni dera lino, ndi chosalala kuposa Chinyanja changa, ndipo tsiku limenelo sichinandigwiritse mwala.

A Malachi sanandiyang'ane ine. Anayang'ana kuseri kwanga, kumene amayi anaima pakhomo la chipinda chachinayi.

"Mbuya Jaisoni, ndinu mwamutuma mwanayu?"

Amayi ankayang'ana pansi, manja atawabisa m'chitenje. Ine ndinati musawafunse iwo, mwawaopseza kokwanira, yankhani ine. M'chipinda chachinayi mumagona anthu angati? Nenani pamaso pa anthu onsewa.

A Malachi anaika mpeni uja pansi. Anayankhula motsitsa, moti ochapa aja anasiya kutikita kuti amve.

"Mwanangu, munthu akamalipira ndi roja. Roja ndimadziwa pomulekezera: ichi chipinda chako, uwu msomali wako, uku usafikeko. Akasiya kulipira koma osachoka, ndiye kuti wasanduka mwini wake. Pakhomo pano pali adzukulu anga."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinati mbava iliyonse ili ndi vesi lake. Ndinabwereza funso lija: anthu angati?

A Malachi anati, "Mmodzi. Mulibe wina." Analowa m'nyumba, anatuluka ndi hamala, ndipo tonse tinawatsatira kubafa. Anakola msomaliwo ndi mano a hamala osachotsapo kapa. Unali utadya dzimbiri, unakana kaye, kenaka unatuluka ndi kulira kowawa m'mano. Kapa anagwa pansi pamatope a sopo. Palibe anasekanso.

Amayi anadutsa pakati pathu, anamutola, anamukutumula. Anayang'ana thabwa lonse kuyambira uku mpaka uko, koma msomali uliwonse unali ndi mwini wake. Anaima atamunyamula pamkono.

A Malachi anandipatsa msomaliwo m'manja. Anati chipindacho achifuna pakutha pa mwezi, ndipo pochoka tisasiye kanthu, tisasiyenso munthu. Ndinati kutulutsa munthu chonchi n'kuphwanya lamulo. Anati ndipite ku Mutare ndikawasumire, adzavomera mlandu, koma chipindacho achifuna. Analowanso m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mkaka wa ufa, nachiika pamapazi a amayi. Nditachitsegula ndinapeza ndalama za msomali uja, za mwezi ndi mwezi, zopindidwa katatu mmene amayi amapindira. Bambo wouma manja uja, wolipiritsa makanda, pa zimenezi sanadyepo ndi imodzi yomwe.

Ndinali nditapambana. Alendi anabwerera kumpopi mmodzimmodzi, ndipo palibe anatchulako za misomali yawo. Felicitas anandidutsa ndi beseni pamutu, nandiuza mosandiyang'ana kuti iye anandiimbira kuti ndizitumizako kangachepe kothandizira amayi, osati izi.

Ikuyandikira thwelofu amayi anatsegula chitseko cha chipinda, anaika kapa pamiyendo, nakhala pabedi. Mpando wa abambo anausiya pomwe unali. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi khomo, ndikunamizira kuyang'ana foni. Zoona zake, ndinkamvetsera. Ine yemwe uja, amene ndinafunsa ngati wakufa amasamba, ndinatchera khutu mpaka linayamba kulira lokha. Ndinamva wailesi ya m'chipinda chachiwiri, ndinamva kombi ikuitana anthu a ku Samanga, ndinamva ampingo wovala zoyera akuimba kuphiri. Chivindikiro cha ndowa sichinagwedezeke. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa mtengo wa peyala unafika pakhomo.

Amayi anati, "Sanabwere." Sanalire, sanandikalipire. Bwenzi kuli bwino akanandimenya.

Pamenepo ndinachita mantha, ndipo sanali mantha oopa mzukwa. Ndinkaganiza za abambo ataima penapake pamsewu wa Hauna, dzuwa lili pamutu, ngati tsiku lija anatuluka m'komboni ndi bulangete kukhwapa. Nthawi imeneyo anawatulutsa ndi kampani. Ulendo uno ndinawatulutsa ndine.

Ndinapita kwa a Malachi madzulo, dzuwa lisanalowe. Sindinazolowere kupepesa, mawu ankatuluka mopingasa. Ndinagwada, ndinaika msomali ndi chitini patsogolo pawo, ndinati akhomenso, ndipo kuyambira tsopano wolipira ndikhala ine, ngakhale atakweza. Anatenga msomaliwo, anauyang'ana ngati mmisiri, anandibwezera pamodzi ndi chitinicho. Anati bowo lija lakula, sungagwirenso. Ndinati akhome pena, thabwa ndi lalitali. Anapukusa mutu. Anati chaka chonse iwo ndi a Jaisoni ankakhala bwino chifukwa aliyense ankadziwa malo ake, koma lero ine ndawachititsa kunena pagulu kuti munthuyo kulibe, ndipo mwini wake wamva. Munthu ukamukana pamaso pa anthu, mawa sungamuitane kuti bwera tigwirizanenso. Anati amayi sanawalakwire kanthu, ndipo adzawasowa, koma tipite.

Amayi sanafune kudikira kutha kwa mwezi. Lolemba m'mawa katundu yense anali atamangidwa, ndipo sanali wambiri: bedi anamusiyira Felicitas kuti agulitse, mpando uja anati upite nafe. Mwambo umafuna kuti wotenga mzimu akhale mwamuna wa kuchimuna kwa malemu. Ifeyo tinalibe. Amayi anangoima pakhomo la chipinda chopanda kanthucho, kapa ali m'manja, nayankhula Chinyanja chakale chija cha ku Angonia chimene ankayankhulana ndi abambo akafuna kuti ine ndisamve zonse. Anati a Jaisoni, ngati muli pafupi, lowani m'kapa wanuyu, pano atikana, tiyeni. Anadikira pang'ono. Kenaka anamupinda mosamala, manja a jasi mkati, natuluka osacheuka.

Pasiteji ya makombi tinapeza imodzi yatsala pang'ono kudzaza. Mpando wa abambo anaumangirira pamwamba. Amayi analowa, anasuntha, naika kapa pamalo a kuwindo, iwo n'kukhala pambali pake. Kondakitala, bambo wamimba yake wovala chipewa cha ubweya kunja kukutentha, anasuzumira nati Mbuya, katundu pamiyendo, pamenepo pakhala munthu. Amayi anati pali kale munthu. Iye anaseka nati ngati pali munthu, alipire.

Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu anali atafika kale pa lilime, ndipo anali abwino, akuthwa. Ndinawameza. Ndinatsegula chitini chija, ndinatulutsa ndalama, ndinati atatu, mpaka ku Mutare. Kondakitala anayang'ana ine, anayang'ana kapa, ndipo kuseka kuja kunamuthera. Analandira ndi manja awiri. Mayi wina amene anali kumbuyo kwathu anasuntha dengu lake kuti lisagunde mpandowo.

Tinanyamuka. Minda ya nthochi inayamba kutsalira, ndipo kutsidya ndinaona mizere ya tiyi, anthu ali mbuu ndi madengu kumsana. M'kombimo munkanunkha dizilo ndi nthochi zakupsa, koma pena mphepo ikalowa pawindo ndinkamva fungo la masamba aawisi. Mwina linkachokera kumindako.

Tikuyandikira mlatho woyamba, amayi anandigwira bondo. Wakufa akamayenda naye amauzidwa pa mtsinje uliwonse kuti tawoloka, tikupita kwakuti, apo ayi amatsalira pamadzi. Anati ndiwauze ndine, poti wowasamutsa ndine.

Ndinaweramira kwa kapa. Msomali unali m'dzanja langa chichokereni dzulo, utasiya dzimbiri m'chikhatho. Matayala anagunda mlatho.

"Ababa, ndine Hana. Tikuwoloka mtsinje. Tikupita..."

Ndinafuna kunena kuti kwathu. Ndi mawu amene amanenedwa pamenepo, ndipo amayi ankawadikira, mayi wa dengu uja ankawadikira, ngakhale kondakitala anatsitsa wailesi. Koma abambo ndinali nditawalakwira kale kamodzi, sindikanawonjezera bodza. Chipinda changa cha ku Chipinge chili m'komboni, khomo nambala fote wani, ndipo pakhoma pake saloleza kukhoma kanthu popanda chilolezo cha kapitawo.

"Tikupita ku Chipinge, Ababa, kunyumba ya kampani. Kontirakiti yanga ikutha mu Disembala."

Amayi anasalaza kapa ndi chikhatho, pamene panapindika.

"Wachita bwino kuwauziratu," anatero. "Asamasule katundu yense."